Kodi zovala zimene zinasiya kutikwana ndingakazipereke kuti mu Blantyre muno?

Nachisale wa ku Chilomoni:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene munayendapo kale njira imeneyi. Loweruka lapitali ndinatsitsa masutikesi awiri amene akhala pamwamba pa wadirobu kwa zaka zingapo, ndipo ndinachita manyazi nditaona kuchuluka kwa zovala zimene palibe amene akuzivala m'nyumba muno. Zanga zambiri ndi za kuntchito, masiketi, mabulauzi ndi masuti atatu a nsalu yabwino, zimene ndinkavala ndisanabereke mwana wachitatu. Kuchokera nthawi imeneyo thupi linabwera ndipo lakana kuchoka, moti siketi imene ndinkaikonda kwambiri imangothera m'ntchafu. Kwa bambo a kunyumba zinthu zinayenda mosemphana ndi zanga, chifukwa atawapeza ndi matenda a shuga anatsika thupi, ndipo mathalauza awo akale onse akuwakulira ngakhale anaboola mabowo awiri owonjezera pa lamba. Palinso za ana, kuyambira tizovala ta khanda mpaka yunifolomu ya ku pulayimale ndi nsapato zimene zinangovalidwa teremu imodzi phazi n'kukula.

Ndakhala ndikudzinamiza kuti tsiku lina ndidzaonda n'kuzivalanso, koma zovalazo zayamba kumveka fungo la chinyezi, ndipo jekete limodzi njenjete zaliboola paphewa. Ndaona kuti ndikapitiriza kuzisunga zidzangowonongeka popanda amene wapindula nazo.

Chimene chandichititsa kufunsa m'malo mongonyamula matumba ndi zimene zinandichitikira zaka ziwiri zapitazo. Ndinapereka matumba awiri kumalo ena osamalira ana, amene sindiwatchula dzina, ndipo patapita masabata atatu ndinapeza diresi langa lobiriwira litapachikidwa pamsika pakati pa kaunjika. Ndinalizindikira chifukwa telala wanga anaikapo kachigamba m'khwapa mwa kumanzere, ndipo nditalitembenuza kachigambako ndinakaona ndi maso anga. Sindinakangane ndi wogulitsayo, ndinangofunsa mtengo n'kuchokapo, koma mtima unandiwawa kwa nthawi yaitali.

Choncho ndikufuna kudziwa malo kapena gulu lodalirika limene lingafikitse zovalazi kwa anthu ozisowadi. Funso langa lachiwiri ndi lolemerapo. Sutikesi imodzi mwa awiriwo ndi ya malemu mayi anga, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo, ndipo muli zitenje zawo, madiresi ndi yunifolomu yawo ya Mvano. Kodi zimenezi ndingazipereke pamodzi ndi zinazo, kapena pali njira ina yoyenera kutsata?

Nangozo:

Nachisale, pepani ndi za diresi lanu, koma ndiloleni ndiyambire pomwepo, chifukwa ndikuona kuti pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse. Ndakhala m'komiti ya zachifundo ya amayi a Mvano kumpingo kwathu kwa zaka zoposa khumi, ndipo matumba a zovala amene adutsa m'manja mwanga sindingathe kuwawerenga. Funso limene ndikanakufunsani tsiku limenelo ndi lakuti, kodi diresi la mayi wamkulu wogwira ntchito mu ofesi akanalivala ndani pamalo osungira ana? Malo oterowo m'mawa uliwonse amadzuka ndi njala ya ufa, nyemba, sopo, makala ndi ndalama za mayeso. Akalandira chovala chimene palibe mwana amene chingamukwane, ambiri amachigulitsa n'kugula zimene zikusowa. Sindikukana kuti alipo ena a manja ataliatali amene amasankhiratu zabwino katundu asanalembedwe n'komwe, ndipo amenewo ndinakumanapo nawo. Koma diresi kupezeka pamsika si umboni wokwanira woti munaberedwa. Mwina linasanduka ndowa ya chimanga imene anawo anadya.

Langizo langa ndi lakuti musayambe mwasankha malo, yambani mwasankha zovala. Yalani mphasa pabalaza, khuthulirani zonse pamenepo, ndipo muziunjike m'milu malinga ndi munthu amene angazivale: za makanda pazokha, za ana a sukulu pazokha, za abambo, za amayi zovala pakhomo, ndi za ku ofesi. Mukatero mudzaona nokha kuti milu imeneyi singapite kumalo amodzi. Za makanda mungafunse ku Open Arms, nyumba yolera makanda amasiye imene ili mu Blantyre momwemo ndiponso ku Mangochi. Za anyamata ndi atsikana okulirapo mungafunse ku Samaritan Trust kapena ku Chisomo Children's Club, amene amagwira ntchito ndi ana opezeka m'misewu. Ndikunena kuti mufunse, osati mungofika ndi katundu pageti, chifukwa zosowa zawo zimasintha ndi nyengo, ndipo nthawi zina chipinda chosungira katundu chimakhala chodzaza kale. Ngati mukukayika za malo ena ake, ofesi ya Social Welfare ya boma la Blantyre ndi imene imadziwa malo osamalira ana amene analembetsedwa mwalamulo, ndipo imadziwanso mabanja amene analandiranso ana ochokera m'malo oterowo, popeza boma lakhala likulimbikitsa kuti ana azikulira kwa abale awo.

Za akuluakulu ine ndimakhulupirira kwambiri magulu a amayi a m'mipingo, osati chifukwa ndine mmodzi wa iwo chabe, koma chifukwa amayenda khomo ndi khomo. Amayi a Mvano, a Dorika ku Seventh Day, a Mothers' Union ku Anglican, a bungwe la Vinsenti ndi a m'miphakati ku Katolika, ngakhalenso amayi a Dawa kwa abale athu achisilamu, onsewa amadziwa kuti gogo wakutiwakuti ali ndi chitenje chimodzi chokha chimene amafunda usiku n'kuchivalanso masana. Amadziwa msinkhu wake, amadziwanso ngati angalandire chinthu pagulu kapena ayenera kupatsidwa mwakachetechete kuseri kwa nyumba. Zimenezi ofesi yaikulu singazidziwe.

Chomaliza ndi cha ulemu. Chapani zonse, muziyanike padzuwa lokwanira, ndipo muzisite. Kusita sikuti n'kongokongoletsa, kumaphanso mazira a mphutsi ndi tizilombo tina tobisala m'misoko. Batani likasowa ikanipo lina, zipi ikafa pitani nayo kwa telala wa pakhonde, chifukwa munthu amene alibe ndalama yogulira thalauza sadzakhalanso ndi yokonzetsera zipi. Zovala zamkati zimene zinavalidwapo musaikemo ngakhale zikuoneka zatsopano. Tsiku lina tinatsegula thumba lochokera kubanja lina lolemera ndithu, ndipo tinapezamo malaya okhala ndi litsiro lakuda m'khosi, sokosi imodziimodzi ndi kabudula wong'ambika pakati. Amayi anzanga anangoyang'anana, ndipo theka la thumbalo tinakakolopera m'tchalitchi.

Abanda a ku Soche:

Ndikugwirizana ndi mayi Nangozo pa za kufunsa kaye, ndipo ndikufuna kuwonjezerapo zimene ndinaona ndi maso anga mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kutsikira ku Chilobwe. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Sukulu zinatsekedwa, zambiri n'kusanduka misasa, ndipo ine ndinali mmodzi wa anthu ongodzipereka amene ankagawa katundu pa sukulu ina ya kuno. Anthu a mu Blantyre anapereka ndi mtima wonse, zimenezo palibe angatsutse. Magalimoto ankabwera motsatizana, ndipo pofika tsiku lachinayi kalasi imodzi inali itadzaza matumba mpaka m'mawindo.

Vuto linali lakuti matumba ambiri anali osakanizasakaniza ndipo panalibe cholembedwa chilichonse kunja kwake. Mayi akabwera ndi mwana wa zaka zitatu amene akunjenjemera ndi malaya onyowa, tinkayenera kumasula matumba asanu kapena asanu ndi limodzi kuti tipeze kajuzi kamodzi komukwana. M'matumbamo tinkapezamo nsapato za gogoda, madiresi a paukwati onyezimira, mataye ndi zikwama za m'manja, pamene pansi ponse panali matope ofika m'akakolo. Ndimakumbukira bambo wina wachikulire amene anathawa usiku ndi kabudula yekha. Tinafufuza pafupifupi ola lathunthu osapeza thalauza la mwamuna, chifukwa zovala za amayi zinali zochuluka kwambiri kuposa za abambo, ndipo pamapeto pake anamanga chitenje m'chiuno n'kukakhala pakona, osafuna kuti anthu amuone. Amuna sitikonda kutaya thalauza mpaka litatheratu, n'chifukwa chake mathalauza a bambo a kunyumba kwanu, mayi Nachisale, ndi amtengo wapatali kuposa mmene mukuganizira.

Zimene zinkatha msanga zinali zitenje, mabulangete, majuzi a ana, mathalauza ndi nsapato zafulati zolimba. Chitenje chinkaposa zonse, chifukwa mayi amavala, amaberekera mwana, amafunda, amayala pansi, ndipo ena ankachimanga pakati pa madesiki kuti apeze pobisala posintha zovala.

Ngati mukufuna kuti zovala zanu zikathandize pa ngozi zotere, njira yabwino ndi kudzera ku Malawi Red Cross Society kapena ku khonsolo, imene imagwira ntchito limodzi ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA. Iwowa amakhala ndi kaundula wa mabanja okhudzidwa, ndipo kugawa kumatsata mayina. Ndinaonapo anthu ena akufika okha pamsasa n'kutsegula buti ya galimoto kuti agawe ndi manja awo, ndipo chimene chinatsatira chinali chipwirikiti, amphamvu kulanda zambiri, okalamba ndi odwala osapeza kanthu. Koma dziwaninso kuti mabungwe amenewa salandira zovala nthawi zonse, chifukwa kusunga katundu kumafuna malo ouma ndi anthu omusamalira. Nyengo ya mvula ikamayandikira, imbani foni mufunse. Pakadali pano longedzani m'makatoni, ndipo pa katoni iliyonse lembanipo ndi cholembera chachikulu kuti muli za ndani ndiponso za msinkhu wanji, mwachitsanzo atsikana a zaka 5 mpaka 8. Kalembedwe kakang'ono kameneko kamapulumutsa nthawi yambiri kwa amene akugawa. Mvula ikamavuta ku Nsanje, Chikwawa, Phalombe ndi Mulanje, monga zinachitikira ndi namondwe wa Idai mu 2019 ndi namondwe wa Ana mu 2022, katundu amene amakwera lole msanga ndi wolongedzwa kale bwino.

Aphiri:

Ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono ndi a anzangawa. Tisanathamangire kumabungwe, tiyeni tiyang'ane anthu amene timaonana nawo tsiku ndi tsiku. Mlonda amene amagona panja mu June ndi July, chiperoni chikuwomba, ali ndi jekete? Mtsikana wogwira ntchito pakhomo panu ali ndi abale kumudzi amene sangakwanitse kugula ngakhale kaunjika. Kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa belo unakwera kwambiri, mpaka kumayambiriro kwa 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anayenda ulendo wa ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula. Kaunjika amene kale tinkati ndi wa anthu osauka, lero osaukawo amangomuyang'ana n'kudutsa.

Chachiwiri, masuti atatuwo ine ndikanawagulitsa popanda manyazi. Suti ya ku ofesi kwa mayi wolima kumudzi ilibe ntchito, koma mtawuni muno alipo amene angaigule pamtengo wabwino, ndipo ndalamayo mungagulire zitenje zatsopano zingapo kapena sopo n'kukapereka. Imeneyi si njira yachilendo. Masitolo a DAPP amene tonse timawadziwa amagulitsa zovala zoperekedwa ndi anthu a ku Ulaya, ndipo ndalama zake zimathandiza ntchito zawo, kuphatikizapo makoleji a aphunzitsi monga la Chilangoma ndi la Amalika. Ngati bungwe lalikulu limatero poyera, sindikuona chifukwa choti munthu payekha azichita mantha.

Ndichenjezepo chimodzi chokha pa za kumudzi. Mukatumiza thumba limodzi ku banja lalikulu popanda kunena kuti ichi n'cha uje, ichi n'cha uje, mwatumiza mkangano. Kwathu ku Ntcheu azakhali anga awiri anakhala osalankhulana miyezi ingapo chifukwa cha juzi imodzi yofiira imene ndinatumiza pa minibasi.

Namwino wopuma wa ku Zomba:

Pali malo awiri amene anthu ambiri sawaganizira akamakamba za zovala, ndipo ndi chipatala ndi ndende.

Ndinagwira ntchito kwa zaka zambiri m'mawodi a amayi oyembekezera, ndipo ndinganene kuti tizovala ta khanda timene muli nato, mayi Nachisale, tili ndi eni ake amene akubadwa usiku uno. Ku Gogo Chatinkha, pachipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, kumabwera amayi otumizidwa mwadzidzidzi kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono za m'maboma ozungulira, ena atanyamuka ndi chitenje chimodzi chokha chimene chimafika chitaipa kale. Ana obadwa masiku asanakwane amasamalidwa m'njira ya kangaru, mwana atagonekedwa pachifuwa cha mayi wake khungu ndi khungu, ndipo kuti asazizidwe pamafunika kachipewa, timasokosi ndi chitenje chomumangira. Mwana wotereyu amataya kutentha kwambiri kudzera kumutu, choncho kachipewa kamene inu mukukaona ngati kachabechabe kali ndi ntchito yaikulu kumeneko. Musalowe nazo nokha m'wodi n'kuyamba kugawa pabedi ndi pabedi. Kaonaneni ndi namwino wamkulu wa wodiyo kapena ofesi ya a Social Welfare a pachipatalapo, chifukwa iwo ndi amene amadziwa mayi amene alibe womudikirira, ndiponso mwana amene mayi ake amwalira pobereka ndipo akuyembekeza abale.

Kuno ku Zomba kuli chipatala cha odwala matenda a maganizo, kumene ena amafika atatoledwa m'misewu ndi zovala zothaitha, ndipo akachira amafunika chovala chaulemu chobwerera nacho kwawo. Mathalauza ndi malaya a abambo angathandize kwambiri pamenepo.

Za ndende ndinazidziwa nditapuma pantchito, pamene ndinayamba kupita ndi gulu la kumpingo kukacheza ndi akaidi. Amene anaweruzidwa kale amavala yunifolomu yoyera, koma amene akudikirira mlandu amavala zawo, ndipo ena amakhala miyezi yambiri ndi malaya omwe anamangidwa nawo, abale awo ali kutali osadziwa n'komwe kumene ali. Kumbali ya amayi kumakhalanso ana aang'ono amene ali ndi amayi awo. Ndiye pali tsiku lotuluka. Munthu amene wakhala zaka zisanu ku Chichiri kapena ku ndende yaikulu ya Zomba amapeza kuti zovala zimene analowa nazo zinawola kapena sizikumukwananso, ndipo ayenera kukwera minibasi n'kukafika pamudzi anthu akumuyang'ana. Bungwe la Prison Fellowship, limene lili ndi nyumba yophunzitsira ntchito zamanja ku Balaka kwa amene atsala pang'ono kubwerera kwawo, ndi limodzi mwa amene mungawafunse. Mungafunsenso abusa kapena ansembe amene amatumikira kundende. Kundende kuli malamulo a zimene zingalowe ndi zimene sizingalowe, choncho muyambe mwamva kwa akuluakulu a kumeneko musananyamule kanthu.

Pa za masuti sindikugwirizana kwathunthu ndi a Phiri. Kugulitsa n'kwabwino, koma alipo atsikana amene amaliza maphunziro ku koleji ndipo aitanidwa ku intavyu alibe chovala, komanso ophunzira uphunzitsi amene akupita kukayeserera ntchito kusukulu za kumidzi, kumene mphunzitsi amayembekezeka kuoneka bwino tsiku lililonse. Mdzukulu wanga wina anapita ku intavyu yake yoyamba atavala suti yobwereka, manja ake atawapinda mkati ndi mapini, ndipo akuti nthawi yonseyo ankaopa kukweza dzanja. Mukafunsa kwa atsogoleri a achinyamata kumpingo kwanu, sabata singathe musanapeze mwini wake wa suti iliyonse.

Nabanda wa ku Leeds:

Ndingowonjezerapo mawu ochepa kwa anzanga amene tili kunja, chifukwa funso lomweli timafunsana kawirikawiri kuno. Ambiri timalakalaka kutumiza zovala zathu zakale kumudzi, koma mukawerengera mtengo wa malo mu kontena, miyezi imene katundu amatha panyanja ndi pamsewu kuchokera ku Beira kapena Dar es Salaam, ndiponso msonkho wa MRA akafika, mumapeza kuti ndalama imeneyo ikanagula zovala zambiri ku Limbe kuposa zimene mwatumizazo. Majekete olemera a chisanu cha kuno ambiri alibenso ntchito ku Nsanje kapena ku Salima, ngakhale ku Dedza ndi ku Mzuzu angavalidwe.

Ine masiku ano zambiri ndimapereka m'masitolo a zachifundo monga a Oxfam ndi British Heart Foundation, kapena m'mabini a Salvation Army amene amakhala pamalo oimika magalimoto. Zimene sizinagulidwe m'masitolomo zambiri zimagulitsidwa kwa amalonda pa kilo, n'kumangidwa m'mabelo opita ku mayiko ena, kuphatikizapo a mu Africa. Choncho, achemwali a Nachisale, ngati diresi lanu linafika pamsika wa mu Blantyre momwemo, langa mwina linawoloka nyanja n'kukapachikidwa pafupi ndi lanulo. Zokhazo zimene ndikudziwa mwini wake ndi dzina ndi zimene ndimaika m'sutikesi ya makilogalamu 23 ndikamabwera kutchuthi.

Nangozo:

Ndabweranso chifukwa ndaona kuti tonse talambalala funso lachiwiri, la sutikesi ya malemu mayi anu, ndipo limenelo si lofanana ndi zinazo.

Zovala za malemu si za mwana mmodzi, ngakhale zikhale m'nyumba mwanu zaka zinayi. Mwambo wathu m'madera ambiri ndi wakuti zimagawidwa ndi akubanja atakhala pansi, mwini mbumba ali pomwepo, ndipo abale a malemu amatengako kanthu kowakumbukira. Ngati mwambowu unachitika kale ndipo sutikesiyo ndi gawo lanu, muli ndi ufulu wochita nayo zimene mukufuna. Koma ngati inangobwera kwa inu chifukwa mayi anadwalira ndi kumwalira kwanu, musatulutse ngakhale mpango umodzi musanalankhule ndi amalume anu ndi azichemwali a mayi anuwo. Tsiku lina mng'ono wawo adzakumana ndi munthu wachilendo atavala chitenje chimene iye akuchidziwa bwino, ndipo mlandu wake udzakhala wovuta kuuzimitsa. Ena m'banja amakhalanso ndi mantha akuti chovala cha munthu chikagwera m'manja olakwika chingagwiritsidwe ntchito pa zamankhwala. Kaya inu mumakhulupirira zimenezo kapena ayi, amene amazikhulupirirawo ndi abale anu, ndipo ndi bwino amve kuchokera kwa inu kumene zovalazo zikupita.

Abale akavomereza kuti zotsala ziperekedwe, amene akugawa auzidwe kuti ndi za munthu amene anamwalira. Alipo amene sasamala, koma alipo ena amene sangavale, ndipo si bwino kuti adzamve mochedwa kwa anthu ena.

Yunifolomu ya Mvano ndiye isalowe m'thumba lililonse. Chovala chimenecho munthu amavekedwa pamaso pa mpingo ataphunzira ndi kulonjeza, ndipo sichivalidwa ndi aliyense. Pitani nayo kwa amayi abusa kapena kwa wapampando wa Mvano kumpingo kumene mayi anu ankapemphera. Iwo amadziwa mayi amene anavekedwa kale koma bulauzi yake inatha ndipo akulephera kusoketsa ina. Ngati mtima wanu sukulola kuti ichoke, isungeni, palibe amene angakudzudzuleni.

Nachisale wa ku Chilomoni:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi Nangozo pobweranso. Za diresi lobiriwira lija mwanditsegula maso, chifukwa ndikakumbukira bwino, m'matumba awiri aja zovala za ana zinalimo zochepa kwambiri, zambiri zinali zanga, ndipo sindinafunse aliyense ngati akuzifuna.

Dzulo madzulo ndinayala mphasa monga munanenera, ndipo patuluka milu isanu ndi umodzi. Wachisanu ndi chimodziwo ndi wa zothaitha zimene ndinachita nazo manyazi nditaziyang'anitsitsa, ndipo mayi wina woyandikana nafe amene amaluka zopondera pakhomo ndi nsanza wazitenga kale m'mawa uno. Jekete lobooka paphewa lija ndapita nalo kwa telala kuti aikepo chigamba, ndipo likachoka kumeneko ndi la mlonda wathu, amene nditamufunsa anandiuza kuti usiku amavala malaya awiri ndi thumba la saka kumsana. Ndakhala naye zaka zitatu osadziwa zimenezi. Mathalauza asanu ndi awiri ndawaika pambali kudikira kuti ndilankhule ndi abusa amene amapita ku Chichiri, ngakhale bambo a kunyumba abwezapo limodzi ponena kuti shuga akakhazikika thupi lidzabwerera. Tizovala ta khanda ndikutichapa Loweruka, ndipo Lolemba ndikaonana ndi anamwino ku Chatinkha. Pa za masuti awiri ndapereka dzina langa kwa mtsogoleri wa achinyamata, yachitatuyo ndiyesa njira ya a Phiri.

Sutikesi ya mayi ndaibwezera pamwamba pa wadirobu. Mwambo wogawa sunachitike, chifukwa nthawi ya maliro aliyense anabalalika msanga, ndipo amalume anga ali ku Thyolo. Ndawaimbira foni, ndipo ati tidzakambirane pamaso mwezi wamawa akakolola. Nditatsegula sutikesiyo kuti ndione ngati njenjete sizinalowemo, m'thumba la bulauzi ya Mvano ndinapezamo kandalama kachitsulo ka K10 komangidwa pakona ya mpango, mmene mayi ankamangira chopereka cha Lachinayi. Mpango umenewo ndawauziratu amalume kuti ndikupempha ukhale wanga.